Ryzen 7 9800X3D: purosesa yomwe yandikhutiritsa pa Flight Simulator

Amene mukufuna kumanga kompyuta yoti muziulutsira ndege pa Microsoft Flight Simulator kapena X-Plane, ndikuuzeni pachiyambi pomwe, musayambe ndi graphics card ngati mmene timachitira pa magemu ena aja a mpira ndi owomberana, yambani ndi purosesa. Ndipo purosesa yomwe ine ndikuyiyikira kumbuyo ndi Ryzen 7 9800X3D ya AMD. Ndakhala nayo kwa nthawi ndithu tsopano, ndauluka nayo maulendo aatali ndi aafupi omwe, usiku ndi masana, mvula ndi dzuwa, ndiye zomwe ndilembe apazi si zongomva kwa anthu ayi, ndi zoti ndaziona pa sikirini yanga.

Kompyuta yake ili chonchi kuti tizimvana: 9800X3D, motherboard ya B650, RAM ya 64GB DDR5-6000 CL30 timitengo tiwiri ta 32GB, graphics card ya RTX 5080 ya 16GB, SSD ya NVMe ya 2TB, power supply ya 1000W, cooler ya mphepo wamba ya nsanja ziwiri, ndi sikirini yotambalala ya mainchesi 34 ya 3440 x 1440. Gemu yomwe ndimakhalapo kwambiri ndi Microsoft Flight Simulator 2024, ya 2020 ija ndinayisungabe chifukwa cha ma addon ena (ndege ndi mabwalo oonjezera omwe umaika mu gemu padera), ndipo X-Plane 12 nayo ilimo.

Vuto la gemu imeneyi anthu ambiri salimvetsa mpaka ataluza ndalama. Mu gemu yowomberana mapu ndi kadera kochepa, zonse zinakonzedwa kale, ntchito yaikulu imagwera graphics card. Koma Flight Simulator, yomwe anapanga a Asobo Studio a ku Bordeaux ku France, ikunyamula dziko lonse lapansi, ndipo nthawi imodzi yomweyo ikuyenera kuwerengera mphepo ikukankha mapiko, mitambo, ndege zina zomwe zili mlengalenga ndi pansi, magalimoto a pabwalo, nyumba ndi mitengo zomwe zikubwera kutsogolo kwako, kuphatikiza makompyuta onse a mkati mwa ndege yako ngati ukuulutsa zinthu zolemera ngati Fenix A320 kapena PMDG 737. Ntchito yambiri imeneyi imadutsa pa mzere umodzi womwe amautcha main thread, ndiye olo utakhala ndi ma core 24 (timagawo ta purosesa tomwe timagwira ntchito), mzere umenewu ukadzadza basi gemu yonse imadikira, graphics card yako ya ndalama zambirimbiri ija imangokhala manja lende. Mukafuna kuziona nokha tsegulani Developer Mode mu gemumo, muyatse kowerengera FPS kaja (kuchuluka kwa zithunzi zomwe zikuoneka pa sekondi), kamalemba poyera kuti "Limited by MainThread" kapena "Limited by GPU". Pa kompyuta yanga yakale ya ma core 6, ndikangoyandikira bwalo lililonse lalikulu mawu oyambawo ndi omwe ankangokhala pamenepo osasuntha, ofiira psuu.

Apa ndi pomwe X3D imasiyana ndi zinzake. AMD anawonjezera memory yothamanga kwambiri mkati mwa purosesa momwemo, amati 3D V-Cache, moti 9800X3D ili ndi 96MB ya L3 cache pomwe Ryzen 7 9700X ya ma core 8 omwewo ili ndi 32MB yokha. Phindu lake lili ngati la mayi yemwe mchere, mafuta, tomato ndi anyezi zonse zili pambali pa mbaula, kusiyana ndi wina yemwe chilichonse akachifuna akuyenera kuthamangira ku okala ndiwo zili pamoto. Onse amadziwa kuphika, koma winayo nthawi ikuthera pa msewu. Purosesa ikapeza zomwe ikufuna mu cache sipitanso kukazitenga ku RAM komwe ndi kutali, ndipo Flight Simulator ndi gemu yomwe imafunsafunsa tizinthu tambirimbiri nthawi zonse, nchifukwa chake imakondwa ndi cache kuposa magemu ambiri.

Luso limeneli linayamba ndi 5800X3D mu 2022, kenako 7800X3D mu April 2023, ndipo 9800X3D inatuluka mu November 2024 pa mtengo wa $479. Chomwe anasintha pa iyiyi nchoti cache anayiyika pansi pa ma core, osati pamwamba ngati pa zakale zija. Kale cache inkakhala pakati pa ma core ndi cooler, kutentha kunkavutika kutuluka ndiye ankayenera kuyibweza liwiro purosesayo. Pano ma core ali pamwamba kufupi ndi cooler, nchifukwa chake ikutha kuyambira pa 4.7GHz nkufika 5.2GHz, ndipo anayimasula kuti ofuna overclock, kuyithamangitsa kupitirira liwiro la fakitale, azipanga. Ine sindinapange overclock ndipo sindikuona chifukwa chake, mmene inabwerera ikukwanira.

Ndikufotokozereni pomwe ndimayesera kompyuta iliyonse, ndi pa London Heathrow. Tenga Fenix A320, bwalo likhale la addon lija lolemera, nyengo ikhale yeniyeni ya tsikulo ndipo London nthawi zambiri ndi mitambo yotsika ndi kamvula, ulowe pa VATSIM, netiweki ya pa intaneti pomwe ouluka ndi ma controller ndi anthu enieni, madzulo anthu atadzadza. Ukutsetsereka kulunjika runway 27L, mzinda wonse uli pansi pako, magetsi a m'misewu akuoneka mwa apo ndi apo m'mitambo, controller akulankhula mothamanga, iwe dzanja lina pa sidestick lina pa throttle, maso akudumpha pakati pa liwiro ndi glide slope, mzere womwe ndege imatsata potsikira pa runway. Pa kompyuta yakale ija malo amenewa ndi pomwe chithunzi chinkayamba kudodoma, makamaka mamita omaliza aja pomwe ukuyenera kukweza mphuno pang'ono kuti matayala akhudze bwino, sikirini imaima kaye kachigawo ka sekondi kenako nkudumpha, ukazindikira wamenya kale pansi mwamphamvu. Zimapweteka mtima amwene, ulendo wa maola awiri wakonza bwinobwino pa SimBrief, webusayiti yokonzera maulendo a ndege, nkuonongeka pa masekondi asanu omaliza. Pa 9800X3D kudodoma kumeneku kunachepa kwambiri moti ndimatha kutembenuza mutu kuyang'ana pa windo la kumanzere ndege ili pafupi kutera, nkubwereranso kutsogolo, chithunzi chikungoyenda myaa. Ndikatera nkumalowera ku terminal komwe ndege zaima mndandanda FPS imatsika ndithu, sindinama, palibe purosesa pa dziko pano yomwe Heathrow yodzadza singayitopetse, koma imatsika mosadumphadumpha, ndipo kwa munthu wouluka chimenechi ndiye chofunika kuposa nambala yaikulu pakona pa sikirini. FPS ya 40 yokhazikika imakoma kuposa 80 yomwe ikugwa nkudzuka.

Kwathu kuno nkhani ndi ina. Ukanyamuka pa Chileka ndi ka Cessna 172 m'mawa nkulunjika ku Mulanje, phiri lija likukula pang'onopang'ono kutsogolo, minda ya tiyi ya ku Thyolo ikudutsa mmunsi, Sapitwa ali m'mitambo pa mamita 3,002 ake aja, kompyuta siimva nkomwe kuti ikugwira ntchito. Chimodzimodzi ulendo wa Chileka kupita pa Kamuzu International, kapena kutsata gombe la nyanja kuchoka ku Mangochi mpaka ku Karonga. Madera athu mu gemumu alibe zinthu zolemera zambiri, nyumba zake ndi zomwe kompyuta inangopanga yokha poyang'ana zithunzi za satellite, ndiye ngati maulendo anu ndi omwewa a tindege ting'onoting'ono kuno kumudzi, musadzivutitse ndi purosesa ya mtengo umenewu. Imayamba kuonetsa ntchito yake mukamapita ku OR Tambo, Dubai, Frankfurt, New York, ndi ndege zikuluzikulu za addon, komanso mukakweza Terrain Level of Detail yomwe imadya purosesa kuposa setting ina iliyonse.

Ena andifunsa kuti bwanji osangotenga 9950X3D ya ma core 16 poti ndi yaikulu. Ija inatuluka pa $699 ndipo cache yowonjezera ili mbali imodzi yokha ya ma core 8, mbali inayo ilibe, ndiye Windows ndi ma driver akuyenera kuonetsetsa kuti gemu yakhala mbali yoyenera. Zimatheka ndipo zimayenda, koma mu gemu simupeza kusiyana koti nkulipirira ndalama zonsezo. Ngati mumapanganso ntchito ya mavidiyo kapena 3D pa kompyuta yomweyo apo nde zomveka, koma ngati ndi youlukira basi, ma core 8 onse okhala ndi cache ndi osavuta, palibe choti uzikonzakonza. Za Intel, Core i9-14900K ndi yamphamvu ndithu koma imadya magetsi ambiri ndi kutentha, komanso a Intel eni ake anavomera mu 2024 kuti ma purosesa ena a 13th ndi 14th gen anali ndi vuto la voltage lomwe linkawaononga pang'onopang'ono, anatulutsa microcode yokonza nkuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Kwa munthu yemwe akugula chinthu kunja nkubwera nacho kuno komwe kubweza katundu ndi ulendo, mbiri ngati imeneyo imandipangitsa kuganiza kawiri.

Koma ngati muli kale ndi 7800X3D khalani nayo, chonde. Kusiyana kulipo koma si koti mutaye purosesa yabwino ngati imeneyo. Ndipo amene muli pa socket yakale ya AM4 ndi Ryzen yakale, mukapeza 5700X3D kapena 5800X3D mutha kungosintha purosesa yokha motherboard ndi RAM nkukhala zomwezo, njira imeneyi ndi yotchipa kwambiri ndipo gemu imasintha zooneka.

Zomwe sindinakondwe nazo pa 9800X3D zilipo. Mu bokosi mulibe cooler, ukuyenera kugula padera. Imafuna socket ya AM5 yomwe imalola DDR5 yokha, ndiye ngati ukuchokera ku kompyuta yakale ndiye kuti purosesa, motherboard ndi RAM zonse ukugula nthawi imodzi, bajeti imakwera msanga. Komanso mtengo wa $479 uja ndi wa ku America, ikamafika ku Joni nkuwoloka malire kufika kuno ndi msonkho ndi mmene dola ikuvutira kupeza, umakhala utalipira zoposa pamenepo ndithu. Chotonthoza nchoti AMD analonjeza kuti AM5 azayithandizabe mpaka 2027 kapena kupitirira, ndiye motherboard yomwe wagula lero ikhoza kudzalandira purosesa ina mtsogolo.

Pa motherboard musataye ndalama. B650 kapena B850 yabwino ikukwanira, X870E zija ndi zokongola koma FPS siiwonjezeka ngakhale imodzi. Chomwe muyang'ane ndi ma USB port akumbuyo kuti ndi angati, chifukwa ife a ndege timadzadza ma port mosayembekezera, chiwongolero, throttle, ma pedal, TrackIR yotsatira kutembenuka kwa mutu, headset, keyboard, mouse, mwina ka panel ka autopilot, ukazindikira malo atha. China, ma B650 ena omwe anakhalitsa mu shopu amafuna BIOS yatsopano kuti azindikire ma Ryzen 9000, ndiye sankhani yokhala ndi kabatani ka BIOS Flashback komwe kamalola kuika BIOS ndi flash yokha popanda purosesa. Ndipo kumbukirani kuti pa AM5 timapini tili pa motherboard osati pa purosesa, musanalipire tsegulani kachivindikiro muunike ndi tochi ya foni ngati palibe kopindika, chifukwa kamodzi kokha kakapindika mashopu ambiri amakana kubweza.

RAM ndi pomwe ndimalimbana ndi anzanga kwambiri. Microsoft eni ake pa mndandanda wa Flight Simulator 2024 analemba 16GB ngati yochepetsetsa, 32GB ngati yoyenera, ndi 64GB pa kompyuta yomwe iwo amati ideal. Ndi 32GB gemu imayenda, koma tsegulani Task Manager muli pa bwalo lolemera ndi ndege ya addon, Navigraph ya mapu a ndege ili pambali, browser ili ndi ma tab a SimBrief ndi nyengo, Discord ikuyenda, muona nokha mmene malo akutheramo, ndipo RAM ikadzadza Windows imayamba kutaya zinthu pa SSD, kudodoma kuja nkubwereranso ngakhale purosesa ili yabwino. Ine ndimati pa kompyuta ya mtengo umenewu 64GB ndi yoyenera. Tengani timitengo tiwiri osati tinayi, chifukwa AM5 imavutika kuthamangitsa tinayi pa liwiro lonse, ndipo DDR5-6000 CL30 ndi pomwe ma Ryzen amenewa amakhala bwino. Mukamanga musaiwale kulowa mu BIOS kuyatsa EXPO, kupanda apo RAM yanu ya 6000 izingoyenda pa liwiro lotsika la fakitale inu osadziwa. Ndipo tsiku loyamba kuyatsa sikirini ikhoza kukhala yakuda kwa mphindi zingapo, musathamangire kuzimitsa, ikupanga memory training, ingodikirani. Mitengo ya RAM inakwera moopsa kumapeto kwa 2025 chifukwa makampani a AI akugula memory yambiri, ndiye ngati thumba lakana tengani 32GB ya timitengo tiwiri kaye, muzasintha zinthu zikadzatsika.

Tsopano graphics card, poti ndikudziwa kuti ndi yomwe aliyense maso ali pamenepo. Sindikunena kuti ndi yosafunika ayi, mitambo ya mu gemu imeneyi, mithunzi, madzi, kuwala kwa dzuwa likamalowa, zonsezo ndi ntchito ya khadi, ndipo mukakwera kupita pa 4K kapena VR (magalasi ovala kumaso aja) khadi ndi yomwe imayamba kutopa purosesa isanatope. Chomwe ndikunena nchoti muyang'ane VRAM, memory ya pa khadi yeniyeniyo, kaye musanayang'ane dzina. Flight Simulator 2024 imadya VRAM modabwitsa, 8GB ndi yochepa kwa masiku ano, 12GB ngati ya RTX 5070 imakwanira pa 1440p ukamasamala ma texture, koma pa kompyuta yoti high-end yambirani pa 16GB. VRAM ikadzadza FPS simatsika pang'onopang'ono, imangogwa kamodzi, ndipo zimakonda kuchitika pomwe ukutera chifukwa ndi pomwe bwalo lonse likulowa mu memory.

RTX 5080 yanga ndi ya $999 pa mtengo wotulukira, imadya mpaka 360W, pa 3440 x 1440 ikuchita bwino kwambiri ndipo sindikudandaula. Koma kunena chilungamo, khadi ya mtengo umenewu inayenera kubwera ndi VRAM yoposa 16GB, chifukwa RTX 5070 Ti yomwe inatuluka pa $749 nayo ili ndi 16GB yomweyo, RX 9070 XT ya AMD yomwe inatuluka pa $599 nayonso 16GB. Munthu atandifunsa lero kuti pa sikirini ngati yangayi atenge iti, ndingamuuze 5070 Ti, ndalama yotsalayo aike pa RAM kapena ma pedal. RTX 5090 ili ndi 32GB koma inatuluka pa $1,999 ndipo imafika 575W yokha, imeneyo ndi ya anthu a VR yapamwamba ngati Pimax Crystal kapena a masikirini atatu a 4K. RTX 4090 ya 24GB mukayipeza kwa munthu wodalirika ikadali chilombo, RX 7900 XTX nayo ili ndi 24GB pa mtengo wotsikirapo.

Ma khadi a Nvidia kuyambira 40 series ali ndi Frame Generation, yomwe imapanga zithunzi zowonjezera pakati pa zenizeni, ndipo pa gemu yomwe imatsamwa pa purosesa ngati iyi imathandiza kwambiri kuti maso aziona kusalala. Koma musayitenge ngati mankhwala a purosesa yofooka, ngati pansi pake pali kudodoma, kudodomako kumaonekabe. Ndi 9800X3D pansi pake pamakhala pokhazikika kale ndiye Frame Generation imangokometsera. DLSS, luso la Nvidia lokuza chithunzi kuti FPS ikwere, ine ndimayisamala mu ndege za magalasi ngati Airbus, chifukwa manambala a liwiro ndi kutalika akamasintha mwachangu nthawi zina amasiya kachithunzithunzi kumbuyo, ndiye ndikamauluka IFR, modalira zida za mu ndege, ndimakonda setting inzake ya TAA kuti ndiziwerenga bwino.

Nkhani ya magetsi ndiyikhalirepo pang'ono chifukwa ma review a kunja saikamba, kwawo si vuto. Power supply musagule yosadziwika dzina kuti mupulumutse ndalama, chimenecho ndi chomwe chikuteteza zonse zomwe mwagulazo. Nvidia amalangiza 850W pa 5080 ndi 1000W pa 5090, ndipo tengani ya ATX 3.1 yomwe ili ndi chingwe chake cha 12V-2x6 kuti musagwiritse ma adapter. Chingwe chimenechi chikankheni mpaka chilire kuti khethe, muyang'ane ndi maso kuti palibe mpata, ndipo musachipinde pafupi ndi pulagi, nkhani za ma connector osungunuka pa makhadi akuluakulu zinamveka dziko lonse ndipo zambiri zinkakhudza chingwe chosalowa bwino. Kenako UPS, kabokosi ka batire komwe kamalandira magetsi akathima. Ndi mmene magetsi amathimirathimira kwathu kuno, komanso mmene amabwerera mwamphamvu akakhala kuti anapita, kulumikiza kompyuta ya mamiliyoni molunjika kukhoma ndi kuika moyo wake pachiswe. Tengani UPS ya pure sine wave chifukwa ma power supply amakono a active PFC ena sagwirizana ndi zotchipa zija za modified sine, amatha kuzima pomwe UPS ikulandira. Ndipo werengani ma watt osati ma VA okha, UPS yolembedwa 1500VA nthawi zambiri imapereka ma watt 900 mpaka 1000. Siikupatsani maola ayi, ndi mphindi zochepa zoti muzimitse bwinobwino kapena inveta ilandire. Apa 9800X3D imandisangalatsanso, TDP yake, muyezo wa fakitale wa mphamvu ndi kutentha kwake, ndi 120W ndipo mu gemu nthawi zambiri siifika nkomwe pamenepo, ndiye kwa amene tili pa sola ndi mabatire kusiyana kwake ndi ma purosesa odya 250W kumaoneka madzulo.

Kutentha nako, mwezi wa October chipinda chikakhala ng'anjo, cooler ya mphepo ya nsanja ziwiri ikuyigwira bwino purosesayi, malire ake ndi 95°C ndipo mu gemu ine sindinayione ikuyandikira kumeneko. Simukufunika cooler ya madzi, ndipo ya mphepo ilibe pampu yoti ingafe nkusowa poyipeza. Kesi ikhale ya mauna kutsogolo ndi zosefera fumbi zochotseka, muziyeza kutalika kwa khadi musanagule chifukwa makhadi a masiku ano ndi ataliatali, ndipo nthawi ya fumbi muzitsuka zoseferazo pafupipafupi, kompyuta isakhale pansi pa simenti.

Koma chinthu chomwe purosesa iliyonse singakonze ndi intaneti. Flight Simulator 2024, yomwe inatuluka pa 19 November 2024, inapangidwa kuti zinthu zambiri izizikoka pa intaneti uku ukuuluka, malo, ma texture, ngakhale ndege zina, nchifukwa chake poyika imatenga malo ochepa kuyerekeza ndi ya 2020. Microsoft analemba 10Mbps ngati yochepetsetsa, 50Mbps yoyenera, 100Mbps ya ideal. Ndiye mutha kukhala ndi 9800X3D ndi 5090 koma netiweki ikafooka pansi pamaoneka phalaphala, mapiri osungunuka, nyumba zikutulukira mochedwa, ndipo bandulo ya pa foni imatha ngati madzi. Musanagule chilichonse pa zomwe ndatchulazi ganizirani kaye za intaneti yopanda malire, fibre ngati ikufika kwanuko kapena Starlink yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo kompyuta muyilumikize ndi chingwe osati WiFi. Rolling cache muyipatse malo okwanira pa SSD kuti madera omwe mumaulukako kawirikawiri isamawakokenso. Amene intaneti ndi yovuta kwenikweni, X-Plane 12 ya Laminar Research ndi yabwino kwa inu chifukwa malo ake amakhala pa disk, ukakoka kamodzi basi, ndipo nayonso imakondwa ndi cache ya X3D. SSD ya 2TB ndi poyambira pabwino, ma addon amadzadza malo mwachangu, Gen4 ikukwanira, Gen5 ndi kungowonjezera mtengo ndi kutentha.

Pogula, zanga zambiri zinachokera ku Joni kudzera kwa achimwene omwe amakhala konko. Dziwani kuti waranti imatsala komwe mwagulako, ndiye sungani malisiti ndi mabokosi, ndipo ngati nkotheka zinthuzo aziyese konko zisananyamuke. Graphics card ndi purosesa zibwere m'chikwama cha m'manja, zisalowe pansi pa basi pamodzi ndi katundu wina, ndipo ngati mukutumiza kompyuta yomangamanga chotsani khadi ndi cooler kaye chifukwa kulemera kwake pa mabampu kumatha kuthyola slot.

Musathere ndalama zonse mu bokosimo nkumaulutsa ndi keyboard. Wa Airbus ayambe ndi sidestick ya Thrustmaster TCA, wa Boeing ndi tindege ting'onoting'ono chiwongolero cha Honeycomb Alpha ndi throttle ya Bravo ndi zabwino kwambiri, ndipo ndege ya FlyByWire A32NX ndi yaulere kwa amene akufuna kuphunzira Airbus asanagule Fenix. A VR samalani ndi HP Reverb G2 zomwe zikugulitsidwa motchipa za kaunjika, zimadalira Windows Mixed Reality yomwe Microsoft anayichotsa mu Windows 11 24H2, bola Meta Quest 3. Ma pedal ambiri amawasiya kumapeto koma mphepo ikamawomba cham'mbali pa runway mapazi ndi omwe amagwira ntchito, kupotokola sidestick sikufanana nazo olo pang'ono, ndiye ngati mwapulumutsa $250 potenga 5070 Ti m'malo mwa 5080, ipititseni kumeneko.